Lipoti la msonkhano wa za khansa ya m'mapapo

Apampando ndi anzanga nonse otolera makhololo, ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Za thiransipoti ndi malisiti tidzaonera limodzi Loweruka. Pano ndilembe zomwe zandisowetsa tulo.

Tsiku loyamba adokotala anapachika zithunzi ziwiri za X-ray n'kuti tiloze cha TB. Ambiri, ine ndemwe, tinaloza cha munthu wa khansa. Kutsokomola kosatha, magazi m'makhololo, kuwonda, zonsezi zimafanana. Ndinakumbukira bambo aja tinkawaperekeza miyezi 6 akumwa mankhwala a TB koma thupi likungotha.

Chithandizo chimadalira mtundu wa khansayo ndi pomwe yafika, ndiye amayamba atenga kanyama kukayeza. Mwa odwala 100, pafupifupi 85 amakhala ndi mtundu wa non-small cell. Umenewu ukapezeka msanga, amachita opaleshoni. Papo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, ndipo akachotsa chigawo chimodzi munthu amapumabe. Mtundu wa small cell umafala msanga, n'chifukwa chake opaleshoni siichitika kawirikawiri. Amadalira kemo, omwe ndi mankhwala opha khansa, ndi kuwotcha khansayo ndi makina a radiotherapy.

Kemo ndi wa m'dilipi, monga cisplatin kapena carboplatin pamodzi ndi mankhwala ena, kamodzi pa milungu itatu, maulendo 4 mpaka 6. Nseru ndi kufooka zimabwera ndithu, koma tisalole achibale kumuthawitsa wodwala pakati pa ulendo. Adokotala anatchulanso mapiritsi monga gefitinib, omwe amagwira okhawo amene kanyama kawo kaonetsa kusintha kotchedwa EGFR. Kuyezako ndi mapiritsiwo n'zodula, sindinataye nthawi kufunsa zambiri.

Chomwe chili pafupi ndi ife ndi ichi: ngakhale khansa itafala, pali chochita. Madzi akadzaza m'chifuwa amawakoka ndi kapaipi, munthu n'kupumako bwino. Morphine wakumwa amachepetsa ululu ndi befu. Mayi wina anafunsa ngati morphine si wofulumizitsa imfa, anamwino anati akaperekedwa pa mlingo wake, ayi.

Pempho langa: m'kaundula wathu tiwonjezere mzere wa anthu omwe makina oyeza makhololo a GeneXpert sanawapeze ndi TB koma akutsokomolabe, makamaka osuta fodya ndi omwe anagwirapo ntchito ku migodi ku Joni. Oterewa tiziwabwezera kuchipatala, tisamangowauza kuti mulibe kanthu. Alembi, Loweruka mubwere ndi kaundulayo ndi lula.