Kalata kwa makasitomala athu: tasintha kalandiridwe ka maoda pa situdiyo yathu yojambula zithunzi pamanja

Okondedwa makasitomala athu,

Moni nonse kuchokera kuno ku Dedza. Ndikhulupirira muli bwino m'makomo mwanumo, inu amene mumatipeza pakhomo komanso inu amene mumatilembera pa WhatsApp muli ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja. Ife kuno tili bwino, kungoti chisanu chayamba kale kuluma m'mawa.

Ndalemba kalatayi kuti nkhaniyi muimve kwa ine mwiniwake, musadzadzidzimuke mutafika kale pakhomo ndi chithunzi m'manja. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa tisiya kulandira ntchito zachangu zija mumati "mundipangire pofika Lachisanu". Pamwezi ndizilandira maoda 4 okha a zithunzi zojambula pamanja, ndipo oda iliyonse izitenga masabata 6 kuchokera tsiku limene mwalipira theka la mtengo. Lachitatu masana ndi Loweruka lonse sindizigwira ntchito ya kasitomala aliyense, chifukwa masiku amenewo situdiyo izikhala ya ana. Mitengo nayo yakwera. Yatsopanoyo tayimata pachitseko, ndipo amene muli kutali tikutumizirani pafoni mukafunsa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu izi zikupwetekani, makamaka amene mumakumbukira mphatso ukwati utatsala masiku ochepa. Ndiye ndiloleni ndifotokoze chimene chandifikitsa apa.

Chaka chatha mu Julaye, bambo wina amene amagwira ntchito ku South Africa anandipempha kuti ndijambule mayi ake omwe anatisiya. Kwawo kunali mwambo wa chiliza, ndipo iye amafuna chithunzicho chikakhalepo tsiku limenelo. Ananditumizira kachithunzi kakang'ono ka pa chitupa, kosaoneka bwino, nandipatsa masiku 5. Ndinavomera. Ndinajambula ndi penti wa mafuta, ndinapaka vanishi penti asanaume, ndinapinda nsalu n'kutumiza. Itafika, nkhope ya mayiwo inali itachita chifunga, ndipo pa tsaya penti anali atamatirira ku pepala lokulungira. Bambo uja sanandikalipire. Anangonditumizira chithunzi cha zimene analandira, pansi pake n'kulemba kuti amayi sakuoneka. Ndinajambulanso china popanda kumulipiritsa, koma mwambo unali utapita kale, ndipo tsiku limenelo sindingamubwezere. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndimadziwa bwino lomwe kuti masiku 5 sakwanira, koma ndinaopa kukana ntchito.

Penti wa mafuta sauma ngati chovala pa chingwe. Amauma mafutawo akamagwirana ndi mpweya pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba kulowa mkati, moti mutha kukhudza n'kumva ngati wauma pamene pansi pake akadali wamuwisi. Tsono Dedza ili pamwamba, mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye kumacha kuli nkhungu, nthawi zina mpaka dzuwa kufika pamutu. Nyengo yotere penti amene kunyanja akanauma msanga kuno amatenga masiku ambiri. Nthawi ya dzinja chinyezi chimachitanso zomwezo. Vanishi womaliza amafuna chithunzi chitakhala miyezi pafupifupi 6. Choncho kuyambira tsopano chithunzi cha penti wa mafuta muzichitenga chopanda vanishi, ndipo miyeziyo ikakwana mudzabwere nacho ndidzapake ulere. Penti wa acrylic amauma tsiku lomwelo, ndi zoona, ndipo amene simungathe kubwereranso ndi chithunzi ndikulangizani ameneyo. Koma naye azidikira masabata 6 omwewo, chifukwa vuto lalikulu silinali kuuma kwa penti kokha.

Vuto linali lakuti ndinasiya kuyang'ana. Miyezi ina ndimajambula nkhope zambirimbiri, imodzi kutha ina kuyamba, diso pa foni, dzanja pa nsalu, ngati makina okopera mapepala. Munthu amafanana ndithu ndi wa pa foniyo, koma achibale akachilandira amangoti zikomo, osakhala nacho chete kanthawi monga amachitira akamuona munthu wawo. Nkhope ya munthu siili m'mphuno ndi m'maso mokha. Ili m'mene ankapendekera mutu akamamvetsera, m'mene ankamangira duku, mbali imene ankasekerera. Zimenezi foni siindiuza, mumandiuza ndinu. Nchifukwa chake tsopano ndisanagwire bulashi tiziyamba tacheza kaye, pakhonde pano kapena pafoni, mundifotokozere za munthuyo, ndipo mundipatse zithunzi ziwiri kapena zitatu, ngakhale zong'ambika za mu alubamu. Sabata yachiwiri ndizikutumizirani chojambula cha pensulo kuti munene ngati ndi iyeyo ndisanathire mtundu uliwonse.

Kuwala nako kuli ndi malire ake. Mitundu ndimaisakaniza m'mawa, kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka 11, pamene dzuwa likulowa bwino pa zenera. Kuwala kwa babu kumanamiza: khungu limene usiku limaoneka bwino, m'mawa umalipeza lafiira ngati njerwa. Masana ndi a kukoka nsalu pa matabwa, kutsuka mabulashi, kuyankha mauthenga anu ndi kupera dothi lopangira penti. Maola anayi okha patsiku ndiwo a chithunzi chenicheni, ndipo nditawerengera moona mtima ndinapeza kuti maola amenewa amakwana zithunzi 4 pamwezi, osati kuposa.

Za mitengo sindichulukitsa mawu, nonse mukudziwa m'mene zinthu zilili. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo penti wa m'machubu, nsalu ya kanivasi ndi mabulashi abwino zonse zimachokera kunja. Ndinayesetsa kusunga mitengo yakale pochulukitsa ntchito, ndipo zotsatira zake ndi zimene ndakuuzani zija.

Koma kudula kwa penti kunandibwezera ku chinthu chimene ndinakula ndikuchiona osachilabadira. Agogo anga akazi akamakonza nyumba dzinja likatha, ankapita kudambo kukatenga dothi lakuda, kumtunda lofiira la katondo, kwinanso loyera, n'kuzira pansi ndi kukongoletsa khoma mizeremizere ndi dzanja lokha. Palibe ankawatcha katswiri wa zojambula, koma mitundu ankaidziwa kuposa ine. Tsopano ndakhala zaka ziwiri ndikuyesa dothi pa nsalu. Ndimalinyika m'ndowa, ndimalivundula, mchenga ukakhala pansi ndimatsanulira madzi amatopewo mu ndowa ina kuti adikhe. Chotsalira pansi ndimachiyanika, chikauma ndimachipera pamphero mpaka chisalale ngati ufa woyera, kenaka ndimasakaniza ndi mafuta a linseed kapena guluu wa matabwa. Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri la chitsulo chimene chili m'dothimo, ndipo dzimbiri silisuluka ndi dzuwa monga amachitira mapenti ena otchipa a m'sitolo. Kuda ndimakupeza ku makala ndi mwaye. Mtundu wa mtambo ndi kubiriwira kowala, izo dothi silipereka, ndiye ndizigulabe. Koma pa khungu la munthu wakuda, pa minda, pa misewu yafumbi ndi makoma a njerwa, kunena mosabisa dothi lathu limaposa chubu chochokera kunja.

Wokayika apite ku Chongoni, pafupi pompano. Pali malo 127 okhala ndi zithunzi pa miyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira ndi zakale kwambiri, zimene amati anajambula Akafula. Zoyera anajambula Achewa ndi dothi loyera, zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Ndimapita ku Chencherere ndi ku Mphunzi mutu ukauma, ndimangokhala pansi n'kumayang'ana. Dothi sinditenga kumeneko ayi, ndi malo otetezedwa, ndipo zimandiwawa ndikapeza wina walemba dzina lake ndi makala pamwamba pa chithunzi cha makolo. Apa ndinenerenso chimene alendo ena amandipempha kawirikawiri: Gule Wamkulu ndimajambula m'mene amaonekera pabwalo, pamaso pa anthu onse, basi. Za kudambwe saulula, ndipo bulashi nayo siulula, kaya munthu apereke ndalama zingati.

Tsopano za ana, zimene kwa ine ndiye phata la kusinthaku. Kwa nthawi yaitali ana a m'dera lino akaweruka kusukulu amadzaima pa zenera kumaonerera. Ndinkawathamangitsa chifukwa amanditchingira kuwala. Nthawi ya kolera ija, ya 2022 mpaka 2023, amfumu anandipempha kuti ndijambule uthenga wosamba m'manja pa khoma loyandikana ndi mjigo. Ntchito inali yaikulu, ndiye ndinapatsa ana atatu mabulashi akutha kuti azidzaza mtundu m'malo amene ndalemba mizere. Mtsikana wina wa Sitandade 6 sanadzaze chabe, anakonza dzanja limene ine ndinalijambula molakwika, chala chachikulu chili mbali yosayenera, ndipo anakonza bwino. Nditamufunsa kumene anaphunzira anati amajambula pansi ndi kamtengo. Kusukulu phunziro la Expressive Arts lilipo, koma mwana angathe kumaliza pulayimale asanagwirepo bulashi, poti zipangizo ndi zodula ndipo ana m'kalasi ndi ochuluka.

Ine ndinachita mwayi. Ndili mnyamata malume anga ananditenga kutsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Mua, kumene wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher, amene anthu amawatcha Achisale, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. Kumeneko ndinaona amuna akuluakulu akusema ndi kujambula, akudyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyo, ndipo nkhani zimene ankasema zinali za kwathu konkuno. Tsiku limodzi lokhalo linandikwanira kudziwa kuti luso ndi ntchito. Ana a pa zenera aja sangapite onse ku Mua, koma pakhonde panga atha kufika. Pano amabwera oposa amene mphasa zanga zingakwane. Timajambula ndi makala pa makatoni ndi mapepala a matumba a simenti, timapera dothi limodzi, ndipo salipira kanthu. Poyamba ndinkawaphunzitsa ntchito ikachepa, ikachuluka n'kuwabweza pachipata. Mwana ukamubweza kawiri kachitatu sabweranso. Ndiye masiku awo akhazikike, aziwadziwa, ndipo oda ya munthu aliyense isawalande.

Amene munapereka kale oda musade nkhawa: mtengo ndi tsiku zimene tinagwirizana sizisintha. Zikwangwani za magolosale, malo ometera ndi malo odyera tizilembabe monga kale, ndipo izi sizili m'gulu la maoda 4 aja. Azigwira ndi mphwanga, amene ambiri mumamudziwa kuti ndiye amakhoma mafelemu, ndipo dzanja lake pa zilembo ndi lowongoka kuposa langa. Zithunzi zimene ndajambula mwa kufuna kwanga, za phiri la Dedza, za amayi ogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1, za msika, zizikhala pakhoma nthawi zonse, ndipo amene mwapanikizika ndi mphatso mutha kusankhapo n'kunyamula tsiku lomwelo.

Kulipira kuli monga kale, pamanja, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndipo muzilandira lisiti ya theka loyambalo. Malo a mwezi akadzaza ndizikuuzani poyera kuti mwalowa mwezi wotsatira, sindizilandira ndalama ya ntchito imene sindinaipezere tsiku. Ngati chithunzi ndi cha ukwati, chiliza kapena mwambo wotsazika munthu pantchito, chonde ndiuzeni kutatsala miyezi iwiri kuti mwambowo uchitike. Amene muli kunja, chithunzi chizibwera chokulungidwa mu paipi ya pulasitiki, penti ali kunja kwa mpukutu kuti asang'aluke. Chikafika musachisiye m'paipimo, kachikoketseni pa felemu msanga.

Ngati pali chimene sichikukukomerani pa zimenezi, ndiuzeni ine, pakhomo kapena pafoni, tikambirane. Makatoni, mapensulo otsala ndi mabulashi akutha amene muli nawo kunyumba musataye, ana awagwiritsa ntchito. Ndipo mukapita kumudzi n'kuona dothi la mtundu wokongola, pa chulu, m'mbali mwa mtsinje kapena pamene akumba chitsime, nditapireniko lodzaza jumbo ya shuga, mulembepo dzina la malowo. Ngati oda yanu ndi ya chithunzi cha kholo lanu, bweretsani dothi la kwawo, ndidzalipere ndi kulisakaniza mu penti wa chithunzicho.

Ndine wanu,
Mwini situdiyo, pamodzi ndi mphwanga
Dedza