Lipoti la ku msonkhano wa zaulimi uja munandituma

A Tcheya, amayi ndi abambo nonse a mu kalabu, ndabwerako bwino. Ndati ndilembe pompano ndisanaiwale chifukwa zinali zambiri moti kope langa ladzadza mpaka pachikuto. Pepani dzulo sindimayankha foni, tinatuluka mochedwa batire itatha.

Kunali alimi a m'makalabu osiyanasiyana, alangizi, mafumu ndi mabwana angapo a zaulimi. M'mawa wonse unathera pa feteleza wotsika mtengo, monga mwa nthawi zonse. Bambo wina wachikulire anatikumbutsa kuti izi sizinayambe lero, kunali Starter Pack mu 1998 nthawi ya a Muluzi, makuponi a FISP mu 2005 nthawi ya a Bingu, nde kenako AIP mu 2020 ija thumba la 50 kg tinkagula K4,495. Chaka chotsatira linafika K7,500, kenako K15,000, uku chiwerengero cha opindula chikunka chitsika, kuchoka pa mamiliyoni oposa atatu kufika 1.5 miliyoni mu 2023. Mabwana aja anati chifukwa chake nchosabisa, feteleza timagula kunja ndi madola, nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mitengo mu 2022, ndiye kwacha nayo inagwa ndi 25% mu Meyi chaka chomwecho, nkudzagwanso ndi 44% mu Novembala 2023.

Zija munandituma ndinazinena zonse osasiyako. Za maina kusowa pa mndandanda, za kugona pa depoti masiku awiri chifukwa netiweki yavuta, za kupeza feteleza wokulitsa yekha wobereketsa kulibe, nkudzabwera chimanga chitamasula kale. Ndinanenanso kuti kumudzi thumba limodzi timagawana anthu anayi ndi ndowa, ndiye aliyense amathira pang'onopang'ono ngati mchere ndipo palibe amene amakolola zooneka, komanso a mfumu amadedwa chifukwa cha mndandanda womwe sanalembe ndi iwo. Yankho linali lija mukulidziwa kale, tamva tikazifikitsa. Ine ndinangolemba m'kope momwemo.

Koma chimene chandikhudza kwambiri chinabwera masana anthu ena atayamba kusinza. Mayi wina anaimirira nkufunsa kuti bwanji timakangana chaka chonse za thumba la feteleza koma za kogulitsa palibe amazikamba. Holo yonse inangoti zii. Anati boma limalengeza mitengo yoyambira ya mbewu chaka ndi chaka, timamva pa wailesi, koma amene amafika pakhomo mu Epulo ndi venda ndi sikelo yake ija timaidziwa tonse, ndipo iwe mwana akufuna fizi, ngongole ya ku banki mkhonde ikudikira, ukana bwanji? Mtengo wa pa wailesi uja sungakuthandize ngati wogula pa mtengowo palibe. ADMARC anaikhazikitsa mu 1971 kuti mlimi azikhala ndi msika wapafupi, koma mu 2022 inaima kaye poti ankaikonzanso, ndipo misika ikatsegulidwa mochedwa imapeza mlimi wamng'ono wagulitsa kale zonse. Nde mu Febuluwale chimanga chomwe chija timakachigulanso kwa venda yemweyo pa mtengo wokwera kwambiri, ndalama yake tikuipeza ndi ganyu m'munda mwa wina, munda wathu udzu uli thoo. Amayi ajawa anayankhula zoona zokhazokha, ndinalakalaka mukanakhalapo.

Zinatulukanso zoletsa kugulitsa chimanga kunja kwa dziko. Apa tinagawikana. Ena amati nzabwino chifukwa chakudya chimakhala momwe muno, makamaka zaka ngati 2024 pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Ena amati chaka chokolola bwino chiletsocho chimagwetsa mtengo, wopindula nkukhala wogula wa m'tauni, mlimi nkutsala ndi ngongole. Ine maganizo anga mbali zonse zili ndi mfundo, chovuta nchakuti timadzamva zoletsazo titalima kale.

Mlangizi wina anatchula za pangano la ku Maputo la 2003, loti maiko a mu Africa aziika 10% ya bajeti ku ulimi. Akuti ife nthawi zambiri timafikapo, kungoti gawo lalikulu limathera ku feteleza, za alangizi, ulimi wamthirira ndi misewu ya kumidzi zimangonyambita m'poto. Nchifukwa chake mlangizi mmodzi amazungulira midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa, tisamamunene kuti ndi waulesi.

Anationetsanso kapangidwe ka manyowa a Mbeya panja pa holo pomwepo, ndowe, phulusa, madeya ndi feteleza pang'ono, kusakaniza nkuwaza madzi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa milungu itatu. Ndinagwira ndi manja omwe anapsa kale, fungo lake ndi lamphamvu ndithu mpaka misozi. Miyezo yake ndalemba, ndikuonetsani.

Tsono pempho langa nali a Tcheya. Chaka chino tiyeseko kuti aliyense asungeko matumba angapo pamodzi m'nyumba ija ya kalabu, tithire mankhwala a anankafumbwe, tidzagulitse mtengo utakwera, ndipo amene wapanikizika mu Epulo abwereke ku thumba la kalabu m'malo mothamangira sikelo. Ndikudziwa ena muti nanga makiyi asunga ndani, zimenezo tikambirane poyera. Za kulembetsa ngati koparetivi mafomu ndabwera nawo koma sindinasaine chilichonse poti simunanditume zimenezo.

Chenji cha thiransipoti ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti. Tikumane Lachinayi masana malo omwe aja, amene ali ndi madeya ndi phulusa abweretseko tidzayeserere limodzi.