Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe wa za eriyo ndi nsanja za pakhomo

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma ku msonkhano wa magulu a ife olankhulana pa wailesi zathu za pakhomo (amateur radio). Malisiti a basi ndi a kogona ndapereka kale kwa msungichuma pamodzi ndi chenji, kuti nkhani ya alawansi isatidyere nthawi Loweruka.

Gawo loyamba linali la malonje ndi malamulo: laisensi ya MACRA, kutchula bwino dzina loitanira pa wailesi (la ku Malawi limayamba ndi 7Q), kulipira pa nthawi yake. Zonsezi mukuzidziwa. Za mapulogalamu a pakompyuta olembera amene mwalankhula nawo ndizidumpha, mapepala ake ali kwa mlembi.

Phindu la ulendowu linali gawo la nsanja, ndipo ophunzitsa anayambira pansi, pa maziko. Nsanja ya mamita 12 yokokedwa ndi mawaya imafuna dzenje la pafupifupi mita 1 m'litali, m'lifupi ndi kuya, pokhapokha wopanga nsanjayo atanena zina. Konkire yake ndi muyeso 1 wa simenti, 2 wa mchenga, 4 wa kwale, ndiye dzenje lotere limadya matumba 6 kapena 7 a makilogalamu 50. Mabawuti a patsinde amalowa konkire ikadali yaiwisi, atagwidwa ndi thabwa loboola kuti asapendeke. Kenako kuthirira madzi tsiku lililonse ndi kudikira, chifukwa konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, choncho kukumba dothi lathu lofiirali likadali lonyowa ndi kungotaya simenti. Ntchito ya maziko idikire chilimwe.

Mawaya okokera akhale mbali zitatu, motalikirana madigiri 120, ndipo chikhomo chilichonse chikhale pa mtunda wa pafupifupi mamita 8 mpaka 10 kuchokera patsinde. Kumapeto kwa waya kulikonse makilampu atatu, chitsulo cha kilampu chopindika ngati U chikupana kamchira kakafupi, osati waya wonyamula katundu. Ambiri amazitembenuza ndipo waya amaphwanyika pomwepo. Apa ndi pamene ndikusiyana ndi amene akufuna kuti nsanja ya gulu iime pa puloti ya ku Chibavi. Malowo ndi opanikiza, chikhomo chimodzi chidzagwera kwa aneba, ndipo mawaya a magetsi akudutsa kumpanda komweko. Ophunzitsa anatsindika kuti nsanja itati igwe, pamodzi ndi eriyo yake, isiye mpata wa mamita osachepera 3 kuti ifike pa waya wa magetsi. Ku Chibavi mpatawo kulibe. Komanso bwalo la ndege lili m'tauni mommuno, ndiye tisanakweze chitsulo chachitali tikafunse kukhonsolo ndi kwa oyang'anira za ndege.

Pa eriyo, anatiyezetsa tokha. Utali wonse wa dipole (eriyo ya waya ya miyendo iwiri yofanana) m'mamita ndi 143 kugawa ndi ma MHz a frequency imene mukufuna kulankhulirapo. Pa 14.2 MHz ndi mamita 10.07, mwendo uliwonse kungopitirira pang'ono mamita 5. Pa 7.1 MHz ndi mamita 20.1. Dulani waya motalikirapo ndi masentimita 20 mbali iliyonse, kwezani, yezani SWR (muyeso wosonyeza mphamvu imene ikubwerera kuchokera ku eriyo), tsitsani, pindani nsonga pang'onopang'ono mofanana mbali zonse mpaka SWR itsike pansi pa 1.5. Kupinda kuli bwino kuposa kudula, poti mukapitirira mumangowongola. Pakati paikidwe balun ya 1:1, kachipangizo kolumikiza eriyo ndi coax (waya wopita ku wailesi), apo ayi chikopa cha coax chimayamba kuulutsa nacho, mawu anu n'kumamveka m'masipika a m'nyumba. Muziyeza eriyo ili pamwamba pomwe izikhala. Pafupi ndi nthaka kapena denga la malata imaonetsa zina.

Kunena za kuyeza, analyzer ya gulu, yoyezera eriyo, inabwerekedwa chaka chatha ndipo mpaka lero sinabwerere. Sinditchula munthu, wobwerekayo akudzidziwa. Tonse tinasonkha, ndipo popanda iyo zimene ndalembazi ndi zongoyerekeza.

Coax ndiye pamene tikutayira mphamvu. Pa 144 MHz, mamita 30 a coax yopyapyala ya RG-58 amadya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu isanafike pa eriyo, pamene coax yonenepa ya RG-213 yotalika chimodzimodzi sidya ngakhale theka. Mdani wina ndi madzi. Anatipatsa chidutswa chosendedwa kuti tigwire: ulusi wa kopa umene umayenera kuwala unali wakuda bii, ukufumbutuka m'zala. Madzi analowera pa pulagi ya PL-259 yokulungidwa ndi tepi wamba wa magetsi. Choopsa n'chakuti coax yonyowa imatha kuonetsa SWR yokongola, chifukwa mphamvu yobwerera ikuthera m'njira, inu n'kumasangalala pamene palibe akukumvani. Mankhwala ake ndi tepi wa labala womatana yekha, tepi wamba pamwamba pake, ndi kupinda coax kuti ilendewere pansi isanalowe m'nyumba, madzi azidonthera panja. Ndi nkhungu ndi mvula yowaza ya kunoyi, izi zikutikhudza kuposa anzathu a ku Lilongwe.

Za mphezi: ndodo ya kopa ya mamita 2.4 ikhomedwe patsinde, ilumikizidwe ku nsanja ndi waya wonenepa, wamfupi, wosapindapinda, ndipo ilumikizanenso ndi earth ya nyumba. Kukachita mdima wa mvula, zulani coax pa wailesi.

Msonkhano unagwirizana kuti pasapezeke wokwera nsanja yekha kapena wopanda lamba ndi chisoti, ndipo izi ndikuvomereza ndi mtima wonse. Unagwirizananso kuti magulu azisonkha ndalama n'kumaitanitsa zipangizo pamodzi kudzera ku Lilongwe. Apa ndinafunsa kuti katundu akafika, wolipira ulendo wobwera naye kumpoto ndani, koma yankho silinamveke. Tisatumize ndalama mpaka atayankha polemba.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti ndalama imene tinasungira Yagi (eriyo yolozera mbali imodzi) ndi rotator yoitembenuzira iyambe yagula simenti, ndodo ya kopa, lamba ndi RG-213. Yagi pa nsanja yopanda maziko sidzapirira mphepo ya mwera. Loweruka nkhani ya malo ikhale yoyamba, ndipo amene ali ndi analyzer abwere nayo.