Zisudzo zathu zikusowa wogwira buku kuseri kwa makatani

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za munthu amene m'magulu athu ambiri a zisudzo mulibe, amene kusowa kwake ndi kumene kumachititsa kuti sewero lolengezedwa kuti liyamba 2 koloko masana liyambe dzuwa litapendeka, ndiponso kuti kalata yoyenera kuwerengedwa pa siteji isowe pa nthawi imene ikufunika. Munthuyu ndi woyang'anira siteji, amene a zisudzo amamutchula kuti stage manager. Ntchito yake siifuna zipangizo zodula, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti kudandaula za kusowa kwa ndalama sikungatichotsere mlandu pa nkhaniyi.

Zisudzo za m'dziko muno zakula ndi chizolowezi chakuti munthu mmodzi alembe sewero, alitsogolere, kenako n'kusewera mbali yaikulu. Malemu Du Chisiza Jnr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankachita zimenezi, ndipo malemu Gertrude Kamkwatira anayendanso njira yomweyo ku Wanna-Do Ensemble Theatre mpaka pamene anatisiya mu 2006. Luso la anthu amenewa palibe angalikayikire. Vuto ndi lakuti achinyamata amene akuyambitsa magulu lero amaona wotsogolera yekhayo n'kuganiza kuti palibenso wina wofunika, n'kuiwala kuti munthu akakhala pa siteji akulira maliro a mwana wake wa m'sewero, sangaone kuti kuseri mnzake woyenera kulowa akutafuna chimanga chootcha panja pa holo, kapena kuti woimba nyimbo akucheza pa foni. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wotsogolera akangoponda pa siteji, pafunika maso ena oona sewero lonse.

Chida choyamba cha woyang'anira siteji ndi buku. Limeneli ndi sewero lomwelo, lotayipidwa mbali imodzi yokha ya pepala n'kuikidwa m'fayilo, kotero kuti akatsegula, tsamba la mawu limayang'anizana ndi tsamba lopanda kanthu. Pa tsamba lopanda kanthulo amalembapo zonse zimene wotsogolera wagamula pa nthawi yoyeserera: kuti bambo alowera kumanzere akangomva mawu akutiakuti, adutsa kumbuyo kwa mpando, akhala pansi mayi akatchula dzina la mwana, ndipo mtsikana anyamula ndowa asanatuluke. Pa liwu limene chinthu chikuchitikira amaikapo nambala yaing'ono, ndipo nambala yomweyo amailembanso tsidya linalo pamodzi ndi kachithunzi ka siteji kosonyeza pamene aliyense waima. Zonsezi zimalembedwa ndi pensulo, labala ali pambali, chifukwa wotsogolera amene lero wati munthu alowere kumanzere, mawa adzati alowere kumanja, ndipo amene analemba ndi bolopeni buku lake siliwerengeka sabata isanathe. Buku labwino ndi limene munthu wina angalimve popanda mwini wake kumufotokozera, moti woyang'anira siteji atadzuka ndi malungo pa tsiku la sewero, mnzake angalitenge n'kuyendetsa zonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndiponso wosewera akachoka m'gulu, monga zimachitikira kawirikawiri ntchito ikapezeka ku Lilongwe kapena ku South Africa, wolowa m'malo mwake amaphunzira mayendedwe onse kuchokera m'bukumo, osati kuchokera kwa anthu asanu amene aliyense akukumbukira zakezake.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti masewero ambiri a Chichewa, makamaka a nthabwala, salembedwa liwu ndi liwu, koma osewera amagwirizana mutu wa nkhani ndi kumene ikathere, zotsalazo zimabadwira pa siteji malinga ndi mmene anthu akusekera. Zimenezo n'zoona, ndipo ndi mphamvu ya zisudzo zathu, monga angavomerezere aliyense amene anaonerapo malemu Izeki ndi Jakobo. Koma sewero lotere ndilo limafuna woyang'anira kuposa lolembedwa. Buku lake limakhala ndandanda wa zigawo, kusonyeza amene alowe m'chigawo chilichonse, zimene alowe nazo m'manja, ndi mawu amene gulu lagwirizana kuti ndiwo otsekera chigawocho, kuti woimba nyimbo ndi osintha mipando adziwe nthawi yawo. Pambali pake amakhala ndi wotchi n'kumalemba utali wa chigawo chilichonse, chifukwa katswiri wa nthabwala akakomedwa ndi phwete la anthu, chigawo cha mphindi khumi chimatha kutambasuka mpaka theka la ola, ndipo mapeto a sewero, pamene pali phunziro lenileni la nkhani, amaseweredwa mothamanga anthu akutuluka kukasaka minibasi kusanade.

Za nyimbo ndi magetsi zili ndi dongosolo lake limene tingabwereke popanda kulipira kanthu. M'mabwalo akuluakulu a zisudzo, monga a ku London ndi ku Johannesburg, kusintha kulikonse kwa kuwala kapena kwa phokoso kumapatsidwa nambala imene imalembedwa m'mphepete mwa tsamba, pafupi ndi liwu lenileni limene kusinthako kuyenera kuchitikira. Woyang'anira amavala mahedifoni n'kumayankhula ndi a magetsi ndi a zokuzira mawu, ndipo lamulo lililonse amalipereka kawiri: poyamba amachenjeza ndi liwu lakuti standby, ndipo wouzidwayo amayankha kuti wamva, kenako nthawi ikakwana amatchula nambala ija n'kumaliza ndi liwu lakuti go. Liwu lomalizali limabwera kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, ndipo palibe wina amene amaloledwa kulitchula pa mahedifonipo pocheza, kuopa kuti wina angadine batani nthawi isanakwane. Kumene kuyankhula sikutheka amagwiritsa ntchito timababu tiwiri, kofiira kochenjeza ndi kobiriwira kolamula. Kwathu kuno, kumene nthawi zambiri nyimbo zimachokera pa laputopu kapena pa foni yolumikizidwa ku sipika, woyang'anira angakhale moyandikana ndi woimba nyimboyo, n'kukweza dzanja pochenjeza ndi kulitsitsa polamula. Ndinaonerapo sewero lina pa holo ya sukulu ina mmene wosewera anayang'ana foni yake n'kudikira, holo yonse ili zii, mpaka anatopa n'kungoti "halo", ndipo foniyo inayamba kulira iye ali pakati pokambirana za imfa ya amalume ake. Anthu anaseka mpaka misozi pa malo amene wolemba anafuna kuti alire, ndipo wolakwa sanali mnyamata wa nyimboyo, chifukwa panalibe amene anamuuza liwu loti adikire.

Chida china ndi tepi yomata, ndipo kumene kulibe tepi, choko chimagwira ntchito yomweyo pa simenti. Magulu athu amayeserera m'kalasi kapena pansi pa mtengo, kenako n'kukasewera ku Blantyre Cultural Centre, ku Great Hall ku Zomba, kapena pa holo ya tchalitchi kumene siteji ndi yopapatiza. Woyang'anira wanzeru amayamba wafufuza kukula kwa siteji ya kumene akupitako, n'kujambula malire ake pansi pa malo oyeserera, pamodzi ndi pamene padzakhale zitseko, kuti osewera azolowere malo enieni. Akafika pa holo amaika zizindikiro pamene padzaime miyendo ya tebulo ndi ya mipando, mtundu umodzi wa tepi pa chigawo chilichonse, kuti osintha katundu asamachite kufunsana anthu akuonerera. Kuseri amayala pepala lalikulu pa tebulo, n'kulemba malire kuzungulira chinthu chilichonse chimene chidzalowe pa siteji, kaya ndi kalata, chikwanje, botolo, mkanda kapena ndodo ya agogo, ndi dzina lake pambali. Ubwino wake ndi wakuti akangoponya diso pa tebulopo amaona malo opanda kanthu n'kudziwa chimene chasowa anthu asanalowe m'holo. Lamulo la patebulopo ndi limodzi, lakuti chimene si chako usachigwire, ndipo chako ukamaliza nacho uchibwezere pamalo pake.

M'chikwama chake mumakhala tochi ndi mabatire apadera, singano ndi ulusi, mapini a zovala, sizasi, chingwe, pulasitala ndi bandeji, ndiponso kope lokhala ndi manambala a foni a aliyense, kuphatikizapo a woyendetsa galimoto ndi a wosunga makiyi a holo. Amavala zakuda kuti asaoneke akamadutsa m'mbali. Popeza magetsi kwathu kuno amatha kuzima nthawi iliyonse, iye ndi amene amafunsa za jenereta ndi mafuta ake tsiku lisanafike, amasunga nyimbo pa zida ziwiri zosiyana, ndipo amagwirizana ndi osewera pasadakhale ngati magetsi akazima adzapitiriza ndi mawu a pakamwa kapena adzaima, ndi amene adzauze anthu zimene zikuchitika.

Nkhani ya nthawi ndi imene imandipweteka kwambiri. Ku Britain, wosewera aliyense amayenera kukhala atafika pamene woyang'anira akulengeza chenjezo loyamba, limene limaperekedwa kutatsala mphindi 35 kuti sewero liyambe. Amachenjezanso kutatsala mphindi 20, kenako 10, ndipo kutatsala mphindi 5 amaitana onse oyamba kulowa kuti aime pamalo awo. Palibe chimene chingatiletse kuchita zomwezo ndi pakamwa, poyenda kuseri n'kumauza anthu, iwo n'kumayankha kuti amva. Timakonda kunena kuti oonerera ndiwo amachedwa, koma oonererawo anaphunzira kuchedwa kwa ife, chifukwa anabwerapo pa nthawi yake n'kupeza tikukhoma misomali ndi kuyesa maikolofoni. Woyang'anira amakonza ndondomeko yobwerera m'mbuyo kuchokera pa ola loyambira, yosonyeza nthawi imene galimoto inyamuke, imene katundu akhale atamangidwa, ndi imene nyimbo ziyesedwe zitseko zisanatsegulidwe, ndipo amaitumiza kwa onse pa WhatsApp usiku wa dzulo lake, osati m'mawa wa tsikulo.

Sewero likatha amalemba lipoti lalifupi lonena nthawi imene linayamba ndi kutha, amene anachedwa, chimene chinathyoka, ndi pamene nyimbo inaphonya. Lipotili si lonenezera anthu, koma lothandiza kuti cholakwa cha ku Zomba chisabwerezedwe ku Mzuzu. Apa ndi pamene khalidwe la munthuyu limaonekera, chifukwa ayenera kukhala wodekha, wosakalipa, wosunga zinsinsi za anzake, komanso wotha kuuza katswiri wotchuka mwaulemu kuti achimwene, nthawi yakwana. Zimenezi sizingatheke ngati mwini gulu sananene pamaso pa onse kuti kuyambira pamene zitseko zatsegulidwa, mawu a woyang'anira siteji ndiwo omaliza, ngakhale kwa mwini gulu yemweyo. Ambiri amapereka udindowu kwa mwana amene walephera kupeza mbali m'sewero, n'kumamutuma madzi ndi mandasi, kenako n'kumadabwa kuti palibe akumumvera.

Pempho langa likupita kwa amene ali ndi mphamvu zosintha zinthu. Akonzi a mipikisano ya zisudzo za m'sukulu, monga wa ATEM umene waphula akatswiri ambiri m'dziko muno, ndi wa NASFEST, alamule kuti sukulu iliyonse ilembetse dzina la woyang'anira siteji ndi kuonetsa buku lake kwa oweruza, ndipo pakhale mphoto yake monga ilili ya wosewera bwino. Bungwe la National Theatre Association of Malawi, mogwirizana ndi aphunzitsi a zisudzo a ku University of Malawi ku Zomba, lingakonze maphunziro a masiku ochepa m'zigawo zonse zitatu, popeza zida zake ndi fayilo, pensulo, wotchi ndi tepi basi. Eni magulu nawo alembe dzina la munthuyu pa zikwangwani zolengeza sewero, ndipo pogawana ndalama za pakhomo alandire gawo lofanana ndi la osewera mbali zikuluzikulu, poti amafika pa holo anzake asanafike ndipo amachoka atawerenga katundu yense m'galimoto.

Ine wokonda zisudzo,
Ndirande, Blantyre