Nyumba ya abambo musayigwetse ndi hamala, dikirani chitsulo chikubwera

Amayi, ndi inu achimwene,

Muli bwanji kumudziko? Ine kuno ku Lusaka ndili bwino, kungoti Okutobala ameneyu watentha koopsa, fumbi lokhalokha. Achemwali uthengawu muwawerengere amayi pang'onopang'ono chifukwa ndi wautali, ndipo achimwene akhale pompo amve okha.

Ndamva zoti mwagwirizana kuti nyumba yakale ya malemu abambo igwetsedwe mvula isanagwe poti khoma la kum'mawa lang'aluka, komanso kuti mwapeza kale anyamata a hamala yaikulu oti tsiku limodzi amaliza. Kugwetsako sindikukana ayi, mng'alu uja ndawuwona pa chithunzi ndipo amayi sangamagone pafupi ndi khoma lotero. Koma anyamata a hamalawo chonde auzeni ayambe adikira. M'nyumba muja muli malata abwinobwino, zitseko ziwiri za mlombwa, mafelemu a mawindo, nde njerwa zonse zija ndi zowotcha ndipo abambo anamangira dothi, simenti inangolowa pansi ndi mu pulasitala basi. Zimenezo mukazichotsa bwino zikwana kumangira amayi khitchini ndi bafa osagula kanthu kupatula misomali ndi simenti pang'ono. Hamala ikalowamo mutsala ndi zibuma zoduka ndi malata opindika.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ntchito yanga kuno ndi imeneyi. Ku Chilenje, Libala ndi Kabwata kuli nyumba zambiri zimene zinali za khonsolo, zija boma la a Chiluba linagulitsa kwa anthu okhalamo mu 1996, nde pano ana awo ndi amene akuzikonza, wina akufuna kuwonjezera chipinda, wina akufuna matailosi, wina denga latsopano. Amisiri asanayambe kumanga timayamba ndife kulowa kukachotsa zakale, ndipo mwini nyumba amawerenga chitseko chilichonse ndi thabwa lililonse chifukwa akudziwa kuti zili ndi msika. Ku Woodlands ndi Kabulonga nyumba zakale pansi pake anayala timatabwa ting'onoting'ono tomata ndi phula, timatitukula kamodzikamodzi ndipo anthu amadzagula tonse. Chida chimene sichichoka m'manja mwathu ndi crowbar, chitsulo chotukulira zinthu ndi kuzulira misomali. Mu 2024 muja chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba magetsi ankangoyaka maola ochepa patsiku, magrinder ndi madrill anangokhala m'mabokosi, koma ife a crowbar ntchito sinaime.

Ndagula imodzi ku Kamwala ndipo ndikutumizirani. Ndi yolemera, kutalika kwake kupitirira pang'ono mita imodzi, mbali ina ndi yokhota ndipo ili ndi mpata wozulira misomali, mbali inayo ndi yaphanthiphanthi ngati tchizulo. Ndinasankha yachitsulo cholimba chenicheni chifukwa zilipo zina amangodula chitsulo chomangira nyumba chija n'kuchiphwanthitsa kumapeto, zimenezo mukangokankha mwamphamvu zimapindika. Musayerekeze ndi chitsulo chokumbira maenje cha amalume chija, chimenecho chilibe pogwirira msomali ndipo chimaboola malata.

Achimwene mvetsani apa. Chitsulochi mphamvu yake ili pa potsamira. Mukalowetsa nsonga pansi pa chinthu, ikani kachidutswa ka thabwa pansi pa chitsulo pafupi kwenikweni ndi nsongayo, inu mugwire kumapeto kwenikweni uko, muona kuti chinthu choti anthu awiri akanavutika nacho chikunyamuka ndi munthu mmodzi. Kathabwako kakatalikira nsonga mphamvu imachepa, komanso ndi komweko kamene kamateteza kuti chitsulo chisadinde chitseko kapena kuswa njerwa ya pansi. Osakankha kamodzi n'kufuna kuti zitheretu, tukulani pang'ono apa, sunthani, tukulani pang'ono apo, mubwererenso poyamba paja, ngati mmene timazulira chinangwa nthaka ikauma, ukangokoka ndi mtima wapachala chimadukira pansi.

Yambani ndi denga, kutsika pansi. Izi nde ndikupemphani kwambiri chifukwa ndawonapo kuno mnzathu wina atayamba kugumula khoma denga lili pamwamba, mtanda unamugwera paphewa ndipo mpaka lero dzanjalo silikwera bwino. Pa malata misomali imakhala pamwamba pa msana wa lata, nde goneka kathabwa mu ngalande ya pambali pake, chitsulo chitsamire pa kathabwako osati pa lata, msomali utuluka lata osaphwanyika. Woponda padenga aziponda pomwe pali mzere wa misomali chifukwa ndi pomwe pali mtengo pansi, komabe mitengo ija yakhalitsa ndipo chiswe kwathu mukuchidziwa, muyambe mwaigogoda muli pansi, ikamalira ngati mulibe kanthu mkati musakwerepo, gwiritsani makwerero muzule muli m'mbali. Malata muzitsitsa limodzilimodzi wina azilandira, ndipo kukakhala mphepo siyani, lata likauluka limacheka munthu. Timabowo ta misomali tisakudandaulitseni, pokhomanso mudzalowetsa momwemo.

Denga likachoka bwerani ku zitseko. Chotsani kaye chitseko pa mahinjesi muchiimike pamthunzi, kenako felemu. Mafelemu a mawindo aja ndi achitsulo ndipo ali ndi timakutu tolowa m'khoma, mukangolowetsa crowbar n'kukankha felemu ipotoka ndipo galasi silidzakhalanso bwino, nde yambani mwagoba pulasitala kuzungulira mpaka timakutu tiwoneke, muchotse njerwa zotipana, felemu ituluka yokha. Magalasi muchotseretu poyamba. Njerwa zili pamwamba pa chitseko ndi windo muyambe mwazitsitsa musanachotse felemu, poti nyumba zakale zambiri felemuyo ndi imene imanyamula.

Khoma nalo kuyambira mzere wa pamwamba, nsonga yaphanthi ija muilowetse mu dothi la pakati pa njerwa, kupotoza pang'ono njerwa yanyamuka yathunthu. Ndi ntchito yochedwa inde, mwina sabata yathunthu, koma ana asukulu akhoza kumapala dothi ndi kusanja njerwa chapatali madzulo. Khoma long'alukalo lokha musaime mbali imene lapendekera, ndipo amayi chonde nkhuku ndi adzukulu zisayandikire, ndikudziwa mumakonda kukhala pakhonde paja kusenda mtedza koma masiku amenewo mukakhale kwa achemwali.

Zina zing'onozing'ono koma ndi zimene zimapweteka anthu. Chitsulo chisakhale pakati pa miyendo, muziima pambali mapazi motalikirana, chifukwa msomali ukaduka kapena nsonga ikapulumuka chimabwerera ndi mphamvu yonse ija ndipo munthu umagwa chagada kapena chimakumenya pachibwano. Osachilumikiza ndi paipi kuti chitalike. Thabwa lililonse likatsika muzule misomali nthawi yomweyo muponye mu chitini, osasiya thabwa pansi misomali itayang'ana kumwamba, msomali wadzimbiri pa dothi lokhala ndi ndowe za mbuzi ngati lathu lija umabweretsa kafumbata, wina akabayidwa atsuke ndi sopo apite kuchipatala tsiku lomwelo osati kumangomanga kansanza. Achimwene masilipasi ayi, muvale majombo. Waya wa sola uja ndi batire muchotseretu musanayambe.

Nde pali mapepala a asbestos aja abambo anafolera kashedi ka kuseri. Amenewo crowbar isawakhudze n'komwe kupatula kumasula pokhomera. Nyumba za ku Chilenje zambiri denga lake ndi lomwelo ndipo akapitawo athu salola kuti tiswe kapena kucheka, fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka zambiri. Muwanyowetse ndi madzi, muvale chotseka pakamwa ndi mphuno, muwatsitse athunthu, osawaponda chifukwa amabooka mosachenjeza, ndipo zidutswa zake ana asaseweretse kapena kuwotcherapo chimanga.

Chitsulocho ndachikulunga m'thumba limodzi ndi magolovesi awiri ndi magalasi oteteza maso. Ndapatsira mnzanga wa kwa Mkanda amene akukwera basi pa Intercity Lachisanu, njira ya Chipata kudzera pa Mwami, nde ndamupatsa nambala ya achimwene, akawoloka boda akuimbirani mukakumane pa Kamwendo. Anyamata a hamala aja ngati munawapatsa kale ya chikole musawathamangitse, agwire nanu ntchito yotsitsa malata ndi kunyamula njerwa, yowonjezera ndilipira ine mwezi ukatha pamodzi ndi ya feteleza.

Musanayambe mundijambulire denga mkati ndi kunja, makamaka pomwe mitanda yakhazikika pa khoma long'alukalo, ndione ngati pakufunika kuchirikiza ndi mitengo kaye. Zitseko za mlombwa zija musagulitse kwa aliyense ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja, chimodzi chipite ku khitchini ya amayi chinacho mundisungire.

Moni kwa alamu, amalume ndi ana onse. Amayi mankhwala a BP aja musadumphitse.

Ndine mwana wanu,
kuno ku Lusaka