Zikomo kwa ogwira ntchito ku Jacob Gitlin Library, Cape Town

Okondedwa akuluakulu a laibulale,

Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndimasamalira agogo ena Achiyuda ku Sea Point. Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha mabuku amene mumatibwereka, komanso ulemu umene mumandilandira nawo ngakhale sindine wa chipembedzo chanu.

Agogowa miyendo inawafooka, ndiye ku sunagoge wa Gardens, woyandikana nanu pa Hatfield Street, sapitako kawirikawiri. Zimawapweteka ndithu, poti mpingo umenewu, womwe unayamba mu 1841, ndi umene anakuliramo. Koma ndikangotulutsa buku la Chiyidishi, chiyankhulo cha Ayuda ochokera ku Ulaya, m'chikwama, nkhope imasintha. Amalitsegulira kumene ife timati ndi kumapeto, chala chili pamzere kuchokera kumanja kupita kumanzere, kenako mumangomva akuseka okhaokha. Madzulo amaimbira foni anzawo a kumpingo n'kuyamba kutsutsana za zimene awerengazo, mpaka tiyi kuzizira.

Makolo awo anachokera ku Lithuania, monga Ayuda ambiri a kuno. Abale amene anatsala kumeneko anaphedwa nthawi ya chipani cha Nazi, kuyambira mu 1941, ndipo mudzi wawo agogo sanauonepo. Mmodzi wa inu anafufuza mosatopa mpaka anapeza buku lokhala ndi dzina la mudziwo ndi zithunzi zake. Sabata yonseyo aliyense wobwera pakhomo, ngakhale wodzakonza mpope, ankayenera kukhala pansi kaye kuti aonetsedwe. Ine ndimaona kuti ntchito ngati imeneyi ndiyo yaikulu pa zonse mwakhala mukuchita kuyambira 1959: mwana akafuna kudziwa kumene anachokera, apeze pofunsa.

Nanenso ndapindula. Miphika ya nyama ndi ya mkaka ndinkailekanitsa chifukwa ndinauzidwa kutero. Kabuku ka Chingelezi kamene munandisankhira kanandifotokozera chifukwa chake, komanso chifukwa chimene timachotsera buledi ndi chilichonse chofufumitsa m'nyumba Pasika asanafike. Tsopano Lachisanu ndimakonzeratu makandulo olandirira tsiku la Sabata dzuwa lisanalowe popanda wondikumbutsa, mwakuti agogo amanditcha rebbetzin, kunena mkazi wa rabi, pondiseka.

Mabuku amene tili nawo ndibweza mkati mwa sabata yamawa. Agogo akuti ngati pali lina la nthano za Chiyidishi la zilembo zooneka bwino, muwasungireko.

Ine wanu,
Mayi wa ku Ntcheu, Sea Point