Za kompyuta ukufuna kumangayo

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe ndi apongozi anga kumeneko. Amayi ako mwendo uja wayamba kupeza bwino, pano akumafika okha kumsika. Nkhani ndili nayo ndi imodzi, ndipo usayambe kufufuza amene wandiuza, chifukwa ukakalipira mlongo wako ukhala ukulakwira munthu wokufunira zabwino.

Ndamva kuti ukufuna kutenga ngongole kuti umange kompyuta ya magemu. Ndamvanso kuti nzeru imeneyi wakupatsa ndi mnzako uja wa magalasi, amene pa chinkhoswe chako anabwera ndi mafoni awiri koma pobwerera n'kumapempha ya basi. Akuti wakuwerengera papepala kuti ukaphatikiza zaka zonse, kompyuta ndi yotchipa kuposa PlayStation. Tsiku limene ndinamva sindinagone bwino. Magemu ndilibe nawo mlandu, ndine ndinakugwiritsa pad usanadziwe n'kulemba dzina lako komwe. Koma ngongole, mkazi wako ali woyembekezera chonchi? Wayamba liti kuganiza chotere iwe?

Mnzakoyo sananame zonse, ndimupatse zake. PlayStation 5 itatuluka mu November 2020 inkagulidwa madola 499, ndipo mu 2025 ku America anaikwezanso. A Sony, opanga PlayStation, sadyera kwenikweni pa makinawo, amadyera pa zimene uzigula pambuyo pake. Gemu yaikulu yatsopano ndi madola 70. Ukafuna kumenya mpira ndi anzako pa intaneti uyenera kulipira PlayStation Plus, ndipo mu September 2023 yotsikitsitsa yake inafika pa madola 80 pachaka ku America. Zaka zisanu ndiye madola 400, ndalama yongotsala pang'ono kugula makina ena. Pa kompyuta zimenezo kulibe. Pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a kompyuta, umasewera ndi anzako osalipira ya pamwezi, amagwetsa mitengo kangapo pachaka, ndipo a Epic Games Store amagawa gemu yaulere sabata iliyonse. Zonsezi n'zoona. Munthu wa ku America amene magetsi sazima kwawo, intaneti ndi yosawerengera, ndipo amagula magemu ambirimbiri chaka chilichonse, masamu amenewa angamukomere ndithu.

Nanga iwe ndiwe munthu ameneyo? Iwe umasewera mpira basi. Chiyambire uli mwana ndi mpira, FIFA lero, FIFA mawa, ngakhale anaisintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC ine ndimangoti FIFA. Masiku a PlayStation 2 aja pa shopu, anzako akasintha chimbale kuika ya ndewu kapena ya magalimoto, iwe unkatuluka kukakhala pa benchi panja utakwinya nkhope mpaka abwezeretse mpira. Amayi ako ankachita kukukoka khutu kuti ukadye nsima. Ndiye magemu aulere a sabata iliyonsewo ndi a chiyani kwa iwe? Uzingowaunjika osatsegula ndi imodzi yomwe, kwinaku ukubweza ngongole ya makina owasungiramo.

Tiye tiwerenge iwe ndi ine, mnzakoyo akhale kaye pambali. Graphics card, kachipangizo kotulutsa zithunzi za gemu, ya pakatikati ngati RTX 4060, inatuluka mu 2023 pa madola 299. Kameneko ndi kachipangizo kamodzi, pakokha sikayaka. Pafunika processor, motherboard, RAM, SSD, power supply, bokosi loikamo zonsezo, monita, kiyibodi, mouse, ndiponso pad, popeza mpira sungaumve kukoma pa kiyibodi. PlayStation umaitulutsa m'katoni pad ili momwemo, waya mmodzi n'kulumikiza ku TV munalandira pa ukwati ija, mpira wayamba. Komanso mitengo ndikutchulayi ndi ya m'sitolo za ku America. Kuti katundu afike pa Lilongwe pali ya ndege, pali msonkho, pali phindu la wobweretsa, ndipo wobweretsayo dola saipeza pa mtengo umauona m'nyuzipepala uja. PlayStation nayo zimenezi zimaigwera, koma kamodzi. Kompyuta zimaigwera pa chipangizo chilichonse, ndipo zidzaigweranso tsiku lililonse udzafune kusintha kanthu.

Usaiwale mmene kwacha imatichitira. Mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Nthawi yachiwiriyo ndinali ndi laputopu ya mayi wina pa tebulo, tikudikira sikirini. Tinagwirizana mtengo, iye n'kupita kukasakasaka ndalama. Pobwera nayo yokwanira, sikirini inali itachoka kale pa mtengo umenewo. Anaima pakhomo la shopu akuwerenga ndalama zake kubwereza, ngati mwina zichuluka. Iwe ukufuna kugula zipangizo chimodzichimodzi mwezi ndi mwezi, malipiro ako ali a makwacha, mitengo ikuyendera dola. Udzapezeka uli ndi motherboard ndi bokosi pansi pa bedi, card yakwera, wa ngongole akugogoda.

Koma chimene chikundiopsa kwambiri ndi iweyo, mwana wanga. Ndikukudziwa. Kompyuta ya magemu sitha kumanga. PlayStation ubwino wake kwa munthu ngati iwe ndi woti mulibe chosintha, mmene waigulira ndi momwemo, ukhutire usakhutire. Kompyuta ili ndi zitseko paliponse. Lero RAM yachepa. Mawa monita yako akuti ndi yochedwa. Mkuja mnzako wagula card yatsopano, wakutumizira kakanema pa WhatsApp, tulo tako tatha. A Nvidia, opanga ma card amenewa, anatulutsa ma RTX 30 mu 2020, ma RTX 40 mu 2022, ma RTX 50 mu 2025, ndipo ulendo uliwonse yako ija imaoneka ngati yachikale ngakhale ikugwira bwinobwino. RTX 4090 inayamba pa madola 1,599, RTX 5090 pa madola 1,999. Card yokha, mtengo wa ma PlayStation 5 anayi pa mtengo woyamba uja! Udzanena kuti zimenezo n'za olemera, iwe udzaima pa ya pakatikati. Unaimapo liti? Njinga ndinakugulira uli Fomu 2 ija sinathe mwezi usanaisinthe chishalo, kenako zogwirira, kenako unagulitsa nkhuku ya amayi ako kuti ugule magiya. Mafoni ndiye sindinena, apongozi anga ndi mboni. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Taona PlayStation 4. Inatuluka mu 2013, koma mu 2024 mpira watsopano, FC 25, unatulukanso pa iyo. Zaka 11 makina omwewo, osasintha ngakhale sikuluwu imodzi. Mufunse mnzakoyo kuti pa zaka 11 iye wasintha zingati m'kompyuta yake, ndipo ndalama zake anazilemba pati papepala lija.

Za magetsi sindikunamiza. PlayStation 5 ikamasewera imadya mawati pafupifupi 200, ndipo kompyuta ya pakatikati sisiyana nayo kwenikweni. Ma card akuluakulu ndi amene amameza mayunitsi, RTX 4090 payokha imafika mawati 450. Vuto lenileni ndi kuzimazima kwathu kuno. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima, choyamba kufa ndi power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ndipo ikakhala yotchipa sifa yokha, imatenga motherboard, nthawi zina ndi card yomwe. Fungo lake ukulidziwa, unakulira momwemo. Munthu amalowa atanyamula bokosi ngati wanyamula mwana wodwala, ine ndisanamasule n'komwe ndanunkhiza kale kuti muno mwapsa. Ndikatsegula ndimapeza ma capacitor atatupa pamutu, fani itatsekeka ndi fumbi la mu October lolimba ngati thonje. Ndiye uwonjezere UPS, batire logwirizira makina magetsi akazima, pa masamu ako, yeniyeni, osati tating'ono tolira mphindi ziwiri n'kuzima. PlayStation nayo imapsa, sindikukana, koma ukaluza waluza chinthu chimodzi cha mtengo wodziwika. Ndipo card yochokera ku Dubai kapena ku Joni ikafa ili ndi miyezi itatu, ukaibweza kwa ndani? Wobweretsayo foni yake idzakhala ikungoitana.

Ma card a kaunjika usawayandikire n'komwe popanda ine. Mu 2021 anthu okumba ndalama za pa intaneti zija (crypto) anagula ma card okumbira mpaka anasowa, mitengo inakwera moopsa. Ntchitoyo itazirala anawakhuthulira pa msika, ena atayaka usana ndi usiku osapuma. Kunja amawapukuta n'kuwala. Iwe sungazindikire.

Bandulo waiwerengera? Pa Steam palibe chimbale, chilichonse n'chochita kutsitsa, ndipo magemu akuluakulu a masiku ano ena amapitirira 100GB imodzi. Pita ukafunse mtengo wa bandulo yotero, ubwere undiuze kuti gemu yaulere ija ndi yaulere. Chimbale cha PlayStation umagula kwa munthu amene watopa nacho, umabwerekana ndi anzako, ukatopa nacho umagulitsa n'kubweza kangachepe. Gemu ya pa Steam sungaigulitse, ndi yako mpaka kalekale ngakhale itakunyansa tsiku loyamba. Inde chimbale nacho chimafuna ma update, koma si chimodzimodzi. N'chifukwa chake ngati udzagule PlayStation ina iliyonse, ugule yolowa chimbale, usanyengeke ndi yotchipa yopanda polowetsa ija.

Ndikudziwa yankho lako, ndalimva kale m'mutu mwangamu: "Bambo, kompyuta ndigwiritsanso ntchito." Ntchito yanji? Ukanakhala wojambula mapulani a nyumba kapena wokonza mavidiyo a maukwati, ndikanakuthandiza ndine kusankha zipangizo, chifukwa makinawo akanabweza okha ndalama. Iwe ntchito yako ndi ya maakaunti. Laputopu anakupatsa ku ofesi ija imatsegula Excel popanda kudandaula. Usamunamize mkazi wako ndi mawu amenewo, ndi mwana waulemu, adzangovomera, koma mumtima adzadziwa.

Kodi iyeyo wamuuza n'komwe? Kapena adzangoona makatoni akulowa? Mwana akubwerayo adzafuna matewera, adzafuna zofunda, masiku a sikelo pafunika ya mayendedwe, ndipo zoyembekezera sizipangana, usiku wina mungafunike galimoto yothamangira kuchipatala. Iwe unabadwa mvula ikugwa, ine ndilibe ndi khobidi lomwe m'thumba chifukwa kasitomala anali asanandilipire, ndinachita kugogoda kwa aneba pakati pa usiku. Manyazi amenewo sindikufuna udzawalawe chifukwa cha gemu. Ngongole ya ku banki chiwongoladzanja chake ukuchidziwa kuposa ine, ndiwe wa maakaunti. Ya katapila ndiye usaiyerekeze n'komwe. Ukuwakumbukira malume ako mmene anatulutsira mipando m'nyumba ana akuonerera.

Pali china chimene mnzakoyo sanakuuze, ndipo chili konsekonse, pa kompyuta ndi pa PlayStation pomwe. Mu mpira womwewo muli Ultimate Team, mmene umagula timapaketi ta osewera osadziwa kuti mutuluka ndani. Walipira, watsegula, mwatuluka wosewera wachabechabe, mtima ukuti yesanso kamodzi. Ku Belgium mu 2018 boma linanena poyera kuti timabokosi totere ta m'magemu ndi njuga, ndipo kenako a EA, opanga gemuyi, anasiya kugulitsa mapointi ogulira timapaketito m'dzikomo. Anyamata ena amabwera pa shopu akudandaula mtengo wa pad yatsopano, koma ukawafunsa zimene amwaza pa timapaketi amangoseka chamanyazi. Khadi lako la ku banki lisayandikire gemu imeneyo. Ndanena.

Sindikuti usiye kusewera. Munthu wogwira ntchito sabata yonse ayenera kupumitsa mutu, ndipo kuli bwino ukhale pakhomo ndi pad kusiyana n'kukhala ku bala. Amayi ako amanena zomwezo. Ngati mtima wakana kupirira, sunga pang'onopang'ono ugule PlayStation 4 ya kaunjika, kashi, ndipo mugwirizane kaye ndi mkazi wako. Pogula usathamange. Ukhale pansi kwa wogulitsayo umenye mpira ola lathunthu. Umvetsere fani, ikamalira ngati ikufuna kuuluka ndiye kuti m'kati mwadzaza fumbi, utsitse mtengo. Ugwedeze pang'ono waya wa HDMI kumbuyo uone ngati chithunzi chikuthawa. Ulowetse chimbale n'kuchitulutsa kangapo. Usiye pad pansi osaigwira, ukaona wosewera akuyenda yekha, timitengo ta pad tatha. Ukabwera pa Khirisimasi udzabwere nayo, ndidzaitsegula, ndidzaipukuta n'kuikamo thermal paste watsopano, phala lothandiza kuti isatenthe, idzakutumikira zaka. Ya pa intaneti ija usalipire n'komwe, itana anzako kunyumba musewere pa TV imodzi ngati kale. Mnzako wa magalasiyo abwerenso, koma abwere ndi pad yake.

Kompyutayo udzamanga, sikuthawa. Mwana akadzayamba kuyenda, lendi ili yolipira, muli ndi kangachepe kosunga, tidzakhala pansi tonse awiri n'kusankha power supply yabwino poyamba, zinazo pambuyo. Ndingakonde kumanga nawe, manja anga akadali olimba. Koma ya ndalama zako, osati za eni.

Ngati wasaina kale kanthu, usandibisire, undiimbire lero lomwe tione pothawira. Ngati sunasaine, unditumizire pepala anakulembera mnzakolo ndilione ndekha, ndi mitengo yake ya m'makwacha, osati ya m'madola. Ngongole ayi, mwana wanga, ngongole ayi.

Amayi ako akuti nyemba ndi ufa atumiza pa basi Loweruka, ukadikire ku depoti usachedwe ngati ulendo watha uja. Akutinso apongozi asamanyamule ndowa yodzaza, madzi uzitunga ndiwe.

Ndine,
Bambo ako